Panado wa Pakona

Dzina loti Mayi Chitseko sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi azimayi a mumsewu wawo, ndipo sanawapatse mowakonda. M'mawa uliwonse mayiwo ankaima pakati pa geti, miyendo tang'a, thupi litadzaza mpata wonse, moti wofuna kulowetsa mwana ankayenera kuthana nawo kaye. Ankamugwira mwanayo pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, kenako m'khosi. Ankamusuzumira m'maso ndi m'mphuno. Akamva kutentha, mawu anali amodzi: "Bwererani naye." Kuchonderera kunalibe ntchito. Kunena kuti ndi mano akumera kunalibenso ntchito.

"Mano sayetsemula," ankatero, n'kuitana wotsatira.

Asanayambe kusunga ana anali wantchito wa m'nyumba. Analera ana a mabwana kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitayamba, nyumba iyi zaka zingapo, nyumba iyo zaka zingapo, akugona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Ana awo obereka okha ankawaona mwa apo ndi apo. Anawo anakula ndi bambo awo, kalipentala wosalankhulalankhula amene ankadziwa kukhoma zitseko koma kuphika ayi. Zimene mayiwo anatola m'nyumba za eni sizinali zambiri. Anaona kuti chimfine chikalowa ndi mwana mmodzi chimatuluka chitamupatsa moni aliyense. Anaonanso kuti womaliza kudwala amakhala wantchito, ndipo wantchito amadwala ali chiimire.

Kalipentala atamwalira anasiya shedi, benchi ndi utuchi wofika m'akakolo. Mayiwo anatsanzika kwa bwana wawo womaliza, anasesa utuchi, anagulitsa macheka ndi nyundo, n'kudzitchingira kachipinda kogona kumapeto kwa shediyo ndi matabwa osafika kudenga. Kenako anaitana mmisiri kuti aboole khoma lakumbuyo, aikepo zenera loyang'anizana ndi lakutsogolo. Mmisiri anati zenera limodzi n'lokwanira. Iwo anati anamuitanira kuboola khoma, osati uphungu.

Umu ndi mmene shedi inasandukira malo osungira ana. Pageti panali ndowa ya mpopi ndi sopo womangirira ku chingwe, chifukwa sopo wosamangirira amamera miyendo. Pakhoma anakhoma misomali mndandanda, msomali uliwonse kapu yake ndi kansalu kake kominira, nsalu za mitundu yosiyanasiyana kuti ngakhale wosadziwa kulankhula adziwe yake. Ana a pamenepo ankaphunzira kutsokomolera m'chigongono asanaphunzire nyimbo ina iliyonse. Mikeka inkatuluka padzuwa. Zidole zinkalowa m'beseni la thovu madzulo aliwonse. Mwana watsopano asanalandiridwe, ankafunsa za katemera, ndipo woyankha mozungulira ankauzidwa njira ya kuchipatala. Mazenera sankatsekedwa ana ali m'kati, kaya kukhale chisanu chotani.

"Mutiphera ana ndi mphepo imeneyi," azimayi ankadandaula.

"Avekeni majuzi. Mphepo imangodutsa. Woopsa ndi mpweya umene wapumidwa kale ndi mnzake."

Wowathandiza anali mlamu wawo, mchemwali wa malemu kalipentala, mayi wanthabwala amene ankabwera m'mawa kuchokera kwa mwana wake kutsidya kwa tauni. Iyeyo ankaphika phala, kusintha matewera ndi kupepesa anthu amene Mayi Chitseko awakhumudwitsa. Ntchito yachitatuyi ndiyo inali yaikulu.

Makolo ambiri ankagwira ntchito kufakitale yopakira katundu m'makatoni, ena m'mashopu, ena pamsika. Kufakitaleko kunali kapitawo amene sankafuna kumva zoti mwana wadwala. Ukajomba, dzina lako ankalisunga m'mutu, ndipo kunja kwa mpanda kunkakhala anthu odikira malo ako. Mayi Chitseko ankazidziwa zimenezi. Sanali mlendo ku ntchito za eni. Ngakhale mzime wawo, mwana wawo wamkazi womaliza, ankapakira makatoni komweko, ndipo m'mawa ankasiya kwa agogo ake kamnyamata kake kamene msewu wonse unkakatchula kuti Phokoso. Koma kudziwa mavuto a munthu si kumutsegulira geti.

Chisanu chisanayambe kunabwera telala wa pafupi ndi sitolo ya zitsulo, atanyamula khanda m'bulangete. Anali mwana wamkazi, wobadwa masiku asanakwane, kankhope kake ngati batani la malaya. Bambo ake ankamutchula choncho, Kabatani. Mayi ake anali atabwerera kuntchito, yogonera komweko m'nyumba ya bwana, ndipo ankabwera kamodzikamodzi. Telalayo anafotokoza zimene anauzidwa kuchipatala: chifuwa cha mwanayu n'chosakhwima, chimfine chimene kwa ena ndi mamina chabe kwa iyeyu chikhoza kusanduka chibayo.

"Ndiye mwabwera naye kuno, kodzaza ana?"

"Kushopu kuli fumbi la nsalu, mayi. Makasitomala amatsokomolera pamwamba pake, wina mpaka kumupsompsona. Ndikawaletsa akuti ndikunyada. Ndamva kuti kuno wodwala salowa."

Mayi Chitseko anayang'ana khandalo nthawi yaitali. Nzeru zinkati akane. Koma ankadziwa kachipinda ka kuseri kwa khitchini kamene mayi a mwanayo ankagonamo, ngakhale anali asanakaone.

"Mwamva zoona," anatero. "Ine ndili pageti pano, wodwala salowa. Bwerani naye mawa."

Anamukonzera malo akeake pansi pa zenera lakumbuyo, m'bokosi limene kalipentala anasiya asanalimalize. Ana aakulu analetsedwa kumugwira kumaso. Telala anawasokera mayiwo ndi mlamu wawo timasiki tansalu, ndipo aliyense wa awiriwo akamva kukhosi kukanda ankavala asanamuyandikire.

Chisanu chitafika, zinthu zinayamba kuyenda mosadziwika bwino. Pageti ana onse anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje, mphuno zouma, nkhope zowala. Koma dzuwa likafika pamutu, phala litadyedwa, wina ankayamba kufota. Maso ofiira, mutu pamkeka, thupi ngati mbaula. Tsiku lotsatira wina. Mayi Chitseko ankamuchotsa wodwalayo pakati pa anzake n'kumugoneka pakhonde, koma n'kuti atakhala kale m'mawa wonse akuyetsemulira anzake, akulumirana zidole. Foni za makolo zinkangoitana. Kufakitale foni amasiya m'loka.

"Dzanja lakalamba, alamu," anatero mlamu wawo akutsuka makapu. "Lafika poti ngakhale moto mukhoza kuupatsa moni."

Mawuwo anawalasa. Anakagula kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, koika m'khwapa. Kachipangizoko kanagwirizana ndi dzanja: pageti ana anali bwino. Masana, moto. Phokoso yemwe anafota masana ena, koma m'mawa mwake mayi ake anabwera naye ali wozizira, akuti wachira. Mayi Chitseko anachapa nsalu zonse ndi madzi otentha, anakolopa pansi kawiri, anatsekula ngakhale chitseko. Anakalipira mlamu wawo kuti mwina akusokoneza makapu. Mlamuyo anati ngati afuna wina womunamizira akagule mbuzi.

Kenako Kabatani anakana botolo. Anali masana, ana ena akugona. Mayi Chitseko anamuvundukula n'kuona kachifuwa kakukwera ndi kutsika mothamanga, khungu likulowa pakati pa nthiti, timphuno tikutukuka. Sankalira n'komwe. Ankangobuula pang'onopang'ono ngati kamwana ka mphaka. Mayiwo sanafunse nzeru kwa munthu. Anamukulunga, anathamanga naye mpaka kushopu ya telala, ndipo onse awiri anakwera galimoto yoyamba imene inaima.

Kuchipatala anati ndi chibayo. Anamugoneka, timapaipi ta mpweya m'mphuno, singano padzanja losakwana ngakhale chala cha bambo ake. Telala anakhala pabenchi, tepi yoyezera idakali m'khosi. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Munati wodwala salowa, mayi," anatero akuyang'ana pansi.

Mayi Chitseko anamusiya pabenchipo n'kubwerera kwa ana a kushedi.

M'mawa mwake analawirira kukasiya madzi otentha ndi matewera kuchipatala, atamuuza mlamu wawo kuti aime pageti. Pobwerera sanadzere njira yawo ya masiku onse. Anadulira kanjira ka kuseri kwa golosale, kamene kamatulukira pakona ya msewu wawo, pamene pali mpopi ndi khoma lalitali. Kuchokera pageti pawo, pakonapo sipaoneka.

Anamva kaye kuseka kwa azimayi. Kenako anawaona. Anali atanjuta m'munsi mwa khoma, ana ali pamiyendo. Wina ankanyowetsa kansalu pampopi n'kumapukuta mwana wake pamphumi ndi m'khosi, malo enieni amene dzanja lawo linkagwira. Wina ankachotsa mamina ouma ndi nsonga ya chitenje. Pakati pawo pankayenda botolo la panado wamadzi, wofiira uja wotsekemera, ndi supuni imodzi. Supuniyo inkatuluka m'kamwa mwa mwana wotsokomola n'kulowa m'kamwa mwa wotsatira, ngakhale amene sanali kudwala, poti kuli bwino kutchingiratu. Wothira mankhwalawo anali mzime wawo.

"Musathamange," mzimeyo ankawauza anzakewo. "Dikirani kaye agwire. Amayi ndimawadziwa ine, amayamba pamphumi, kenako..."

Sanamalize. Mayi wina anamukodola. Onse anatembenuka, mpopi ukuthirabe madzi pansi.

Mayi Chitseko anayenda osafulumira. Analanda botolo, analanda supuni. Anaikweza supuniyo m'mwamba kuti aliyense aione.

"Imeneyi yalowa m'kamwa mungati lero?"

Anawaloza ndi supuniyo mmodzimmodzi, n'kupitiriza.

"Ine ndikukhoma misomali, kapu yake kapu yake. Ndikuwiritsa nsalu mpaka manja kusupuka. Ndikutukwana mlamu wanga wosalakwa. Inu muli pano kudyetsana matenda ndi supuni imodzi ngati mukugawana shuga! Mwana wa telala ali pa mpweya. Mukundimva? Akupuma ndi paipi!"

"Ife sitinamugwire mwana wa telala," anatero mayi wina wogulitsa m'shopu ya nsapato, akubereka mwana wake.

"Simunamugwire, eya. Munangomutumizira."

"Nanga titani, Mayi Chitseko?" Uyu anali mayi wamtali wa kufakitale, wodziwika ndi pakamwa. "Inu mukabweza mwana, mumalowa m'nyumba n'kumwa tiyi. Ife tipite naye kuti? Timuike m'katoni, timutumize limodzi ndi katundu?"

Ena anaseka, kuseka kwa mantha.

"Mukanandiuza zoona."

"Tikanakuuzani, mukanatani? Bwererani naye! Nyimbo yanu ndi imodzi yomweyo."

Mayi Chitseko anatembenukira kwa mwana wawo. Mzimeyo anali ataimirira, Phokoso atamugwira siketi.

"Iwe. Anzakowa ndi alendo, sandidziwa. Iwe wadya m'manja mwangamu. Ndiwe unawaphunzitsa?"

"Ndine."

"Ulibe manyazi?"

"Manyazi sadyetsa mwana, amayi."

"Ukudziwa kuti khanda lija likhoza kufa?"

"Ndikudziwa. Ndipo sindinagone nazo." Mzimeyo sanagwetse maso. "Koma musandifunse za manyazi inuyo. Ine ndinadwala chikuku muli kwa bwana, mukupukuta mamina a mwana wa eni. Anandisambitsa ndi ababa, ndi manja a utuchi. Inu munasankha ntchito. Lero ine ndasankha ntchito, mwayamba kundiwerengera malamulo?"

Azimayi aja anayang'ana kumbali. Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawapsetsa mtima kwambiri Mayi Chitseko.

"Ndinakusiya ndi bambo ako," anatero. "Sindinakutenge kukakugoneka pambali pa khanda la munthu, n'kunama kuti uli bwino."

Anakhuthulira panadoyo mu ngalande, anaponya supuni pamwamba pa khoma, n'kulengeza pomwepo kuti atseka. Aliyense abwerere ndi mwana wake mpaka chimfine chituluke mumsewumo. Kunali phokoso. Wina anati akawanenera, osatchula kuti kwa yani. Wina anati malo osungira ana si awo okha, ndipo anapitadi kwina, kwa mayi wina amene ankasunga ana m'chipinda chotseka mazenera ndipo sankafunsa mafunso. Mayi Chitseko sanamutsatire.

Masiku otsekawo anachapa chilichonse chochapika. Mlamu wawo anayamba kutsokomola, kenako anagweratu, ndipo mwana wake anabwera kudzanena kuti sabwera msanga, chifuwa chawatsikira. Mayi Chitseko anatsala okha. M'mawa ankapita kuchipatala, ankaima pakhomo la wodi atavala kamasiki, osalowa. Mayi a Kabatani anapatsidwa masiku ochepa ndi bwana wawo, anabwera, anakhala pambali pa bedi, n'kubwerera mwana asanatuluke. Sanawalankhule Mayi Chitseko. Anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Kabatani sanafe. Anamuchotsa timapaipi, anayambanso kuyamwa botolo, ndipo anamutulutsa atachepa kuposa mmene analowera. Adokotala anamuuza telala mosabisa kuti chifuwa chimenechi chisadwalenso chisanu chino, kachiwiri sangalonjeze kanthu.

Telala anamusunga yekha masiku angapo, makina ali chete. Kenako anabwera pageti madzulo ena, mwana ali m'manja. Anati mayunifolomu a sukulu amuunjikira, eni ake ayamba kubwera ndi ukali, ndipo anthu aja otsokomolera pamwamba pa mwana sanasinthe.

"Sindikudziwa kwina, mayi. Ndikufunsani kachiwiri, ndipo mundiyankhe zoona. Kuno kuli bwino?"

"Ndikutsegula mawa. Ndili ndekha, ndiye nditenga ana ochepa, ochira okhaokha."

"Zija za pakona ndinazimva."

"Pakona palibenso munthu. Ndipo tsopano sindikhulupirira mphumi."

"Mukhulupirira chiyani?"

"Mphuno yangayi. Bwerani naye."

M'mawa mwake anaima pageti ngati kale, koma kayezedwe kanasintha. Ankagwada, kumuuza mwana kuti ayasamule, kuyang'ana lilime ndi kununkhiza. Panado wa ana sabisika, fungo lake lotsekemera limatsalira m'kamwa. Ankamuyendetsanso mwanayo mpaka pandowa n'kumvetsera kapumidwe kake. Azimayi ankapirira zimenezi milomo ili chotupa, koma ana awo anali ochiradi, ndipo analowa.

Mzime anafika mochedwerapo, atavala kale ovolosi ya kufakitale, Phokoso ali kumsana. Chichitikireni za pakona anali asanalankhulane. Anamutsitsa mwanayo osapereka moni.

Mphumi inali yozizira. M'khosi mozizira, monyowa pang'ono. Mayi Chitseko anagwada.

"Yasamula, agogo aone."

Phokoso anayang'ana mayi ake, kenako anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Mwana amene ankadzutsa msewu wonse ndi kukuwa, lero anali chete. Agogo ake anachotsa timanjato pang'onopang'ono. Fungo linawapeza asanayandikire n'komwe. Ndiye mwanayo anatsokomola, chifuwa chochokera pansi, chonyowa, ndipo anakumbukira mochedwa kukweza chigongono.

"Anachira," mzime ananong'ona mofulumira. "Chabwereranso dzulo. Amayi, ndimvereni. Masiku amene munatseka aja ndinajomba. Kapitawo wanena pamaso pa anthu kuti ndikajombanso ndisavutike n'kubwera. Lero lokha. Mumugoneke kuchipinda kwanu, sakatuluka."

"Matabwa aja safika kudenga. Mpweya ndi umodzi."

"Pakhonde ndiye."

"Amuyang'ane ndani? Ndili ndekha. Manja amene amupukute iyeyu ndi omwe akagwire botolo la khanda."

"Mudzasamba! Si inu a sopo?"

"Unandinamizanso."

"Ndikanati ndinene zoona mukanandilola?"

Yankho ankalidziwa onse awiri. Azimayi amene anali atasiya kale ana awo sanachoke. Anaima chapatali, zikwama m'manja, ngati anthu odikira basi. Mayi wamtali uja analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Tione lero. Khoswe wakhala pamkhate."

Kumapeto kwa msewu kunatulukira telala, akuyenda pang'onopang'ono, bulangete lili pachifuwa, chikwama cha matewera paphewa.

Mayi Chitseko anayang'ana mdzukulu wawo. Anali ndi makutu a kalipentala. Ankadziwa kuti chimfine chimenechi iyeyu chimugwetsa masiku ochepa n'kudzuka akukuwa ngati kale. Ankadziwanso chimene chingachitike dzuwa likafika pamutu, panado atatha mphamvu, m'shedi imodzi ndi bokosi lija la pansi pa zenera. Akanatha kumuuza telala kuti abwerere, ndipo telala sakanakangana nawo. Akanangobwerera ku fumbi lake.

Mayi Chitseko anaimirira, mawondo akulira.

"Bwerera naye."

"Amayi."

"Um'mwetse madzi ambiri. Akayamba kubanika usadikire, thamangira kuchipatala. Panado um'patse thupi likatentha, osati pofuna kupusitsa anthu."

"Amayi, ndi mdzukulu wanu uyu!"

"Ndikumudziwa. Ndinamusambitsa ndine tsiku loyamba."

"Ndiye mukusankha mwana wa eni. Kachiwiri."

"Uyu adwala n'kuchira. Uyo adwala n'kufa. Usandiuze kuti sukuona kusiyana, sindinabereke chitsiru."

"Ntchito ikatha mudzatidyetsa inuyo?"

"Chimene ndidye, mudya."

"Sungani chakudya chanucho."

Mzime anamukweza Phokoso kumsana mwaukali moti mwanayo anayamba kulira. Anamanga nsalu pamwamba pa ovolosi, anadutsa pakati pa azimayi aja osayang'ana munthu, anadutsanso telala ngati akudutsa mtengo. Mayi wamtali uja anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, koma atakumana maso ndi Mayi Chitseko anakumbukira kuti akuchedwa kuntchito.

Telala anafika pageti atamva zokwanira. Anaima, osatambasula manja.

"Mayi, ine sindikufuna kupasula banja la eni. Ndikhoza kubwerera naye. Ndiona chochita."

"Mwafunsidwa?"

"Ayi, koma mwana wanu..."

"Mwana wanga ndi nkhani yanga. Sambani m'manja, mundipatse khandalo."

Mayi Chitseko anasamba nawonso, mpaka m'zigongono, anasintha epuloni imene Phokoso anatsokomolerapo, n'kulandira bulangetelo. Linali lopepuka ngati mulibe kanthu.

Mzime anapita ndi mwana kumsana mpaka kufakitale. Alonda anamubweza pampanda, ndipo pofika masana malo ake anali ndi mwini wina. Mayi Chitseko anamva nkhaniyi kwa azimayi obwera kudzatenga ana, amene anaifotokoza mokoma ngati akuwapatsa mphatso. Tsiku lopuma anaphika, anatenga malalanje, n'kupita kumene mzime ankachita lendi. Anapeza Phokoso akusewera panja, mamina ali mbwee, thupi lozizira lokha popanda mankhwala. Mayi ake analandira mbale, anaikhuthulira m'mbale ya mwana, n'kubweza yopanda kanthu osatchula liwu.

Mkwiyo umene Mayi Chitseko anabwera nawo kuchokera kumeneko unasowa pofikira. Mlamu wawo atachira n'kubwerera, Mayi Chitseko anamusiyira ana masana ena, anavala nsapato zawo zabwino n'kupita kufakitale. Anauza alonda kuti akufuna kapitawo. Alonda anati kapitawo saonana ndi anthu wamba. Iwo anati palibe vuto, amva ali komweko. Anaima pampanda n'kuyamba kukuwa. Anati munthu amene amachotsa mayi ntchito chifukwa mwana wadwala ndi amene amadzaza wodi ya ana kuchipatala. Anati makatoni sadwala chibayo. Anati ngati kapitawoyo anabadwa kwa mkazi atuluke adzawayankhe. Sanatuluke. Nkhope zingapo zinasuzumira pamawindo a m'mwamba n'kubwerera msanga. Alonda awiri anawagwira mikono mwaulemu, wina akuti "pepani amayi, tichotsedwa ntchito ndife," n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Kufakitale sikunasinthe kanthu.

Chimene chinasintha chinali chaching'ono. Anaitananso mmisiri uja kuti amange kachisakasa kuseri kwa shedi, kotseguka mbali ziwiri, kokhala ndi ndowa yake, beseni lake ndi mikeka yake. Anawauza azimayi kuti mwana wa kachimfine wamba, mayi ake akanena zoona pageti, azikhala kumeneko ndi mlamu, osalowa m'shedi, ndipo mlamuyo tsiku limenelo sagwira mwana wina aliyense. Wotentha thupi kwambiri kapena wobanika, kuchipatala. Wobwera ndi fungo la panado m'kamwa, asadzabwerenso.

"Nzeru zimenezi zinali kuti nthawi yonseyi?" anafunsa mayi wamtali uja.

"Zinali kudikira kuti musiye kunama."

"Mwana wanu zamupitirira."

"Ndikudziwa. Lowetsani mwanayo, mukutchinga njira."

Mzime anayamba kugulitsa zovala zakaunjika pamsika, Phokoso akusewera pansi pa tebulo. Akakumana ndi mayi ake ankapereka moni wa anthu ongodziwana, ndipo mwana sanabwere nayenso kushedi. Mlamu anayesa kuwayanjanitsa, akuti chibale ndi fupa sichiola. Mayi Chitseko anati fupa limathyoka, ndipo likathyoka silifuna kuligwiragwira.

Kabatani anatha chisanu chonsecho osabwerera kuchipatala. Pofika nyengo ya mvula anali atatuluka m'bokosi muja, akukwawa shedi yonse, masaya atadzaza. Tsiku lina anafika pakhoma la misomali, anadzikoka n'kuima, anagwetsa kapu ya mnzake n'kuyamba kuinyambita. Mayi Chitseko anamulanda kapuyo n'kumukalipira ndi mawu omwe ankakalipira nawo ana ena onse. Mwanayo anakwiya, anadzaza chifuwa ndi mpweya, n'kulira mokweza moti telala akanatha kumva ali kushopu.

"Lira," anatero mayiwo akuponya kapu m'beseni. "Mapapo ndi ako."